Ngongole imene inagona m'konkire: mbiri ya makondo akale a ku Miami

M'mphepete mwa nyanja ku Miami, m'chigawo cha Florida ku America, mwandanda nyumba zosanja zimene zaka 40 kapena 50 zapitazo zinali za anthu a mwanaalirenji, koma lero eni ake ambiri akufuna kuchokamo ndipo ogula akuzizemba. Nyumbazi ndi zimene kumeneko amati makondominiyamu, mwachidule makondo: mdadada umodzi wogawidwa m'mafulati, fulati iliyonse ili ndi mwini wake ndi chikalata chake cha umwini, pamene denga, mizati, zikepe, mipope, dziwe losambira ndi malo oimika magalimoto ndi za onse. Za onsezo zimasamalidwa ndi ndalama imene mwini aliyense amapereka mwezi ndi mwezi ku komiti ya eni nyumba, ndipo ndalama imeneyi ndiyo yavuta. Munthu amene anamaliza kalekale ngongole ya ku banki, amene ankadziyesa mfulu, akupezeka akulipira pamwezi ngati wa lendi, ndiye pamwamba pake n'kumubwerera kalata yoti asonkhe madola zikwi makumimakumi okonzera makonde ndi maziko. Ambiri amaloza chala lamulo limene boma la Florida linakhazikitsa mu 2022. Ine ndikuona kuti lamulolo langotulutsira poyera ngongole imene inalipo kale. Inayamba tsiku limene fulati yoyamba inagulitsidwa, ndipo chimene chaipitsa zinthu n'chakuti yakhwima pa nthawi imene achuma anali atasamuka kale kutsata mwanaalirenji watsopano, bilu n'kutsalira anthu osaikwanitsa.

Kondo si yakale monga ambiri amaganizira. Lamulo lake loyamba pansi pa mbendera ya America linapangidwa pachilumba cha Puerto Rico mu 1958. Mu 1961 boma lalikulu ku Washington linalola bungwe lake la Federal Housing Administration kuikira kumbuyo ngongole zogulira mafulati otere, ndipo zigawo zinayamba kupanga malamulo ake motsatizana. Florida inapanga lake mu 1963. Izi zisanachitike, wokhala m'nyumba yosanja ankachita lendi, kapena, monga zinalili ku New York, ankagula masheya m'kampani imene inali mwini wa mdadada wonse, n'kumangika ku ngongole imodzi pamodzi ndi anansi ake. Kondo inalonjeza kumasula munthu ku zonsezi: chikalata chako, ngongole yako, msonkho wako, ugulitse tsiku limene wafuna popanda kugwadira wina aliyense. Lonjezoli linafika pa nthawi yake. Makina oziziritsa m'nyumba anali atasandutsa Florida, dera lotentha ndi la udzudzu, kukhala malo okhalika chaka chonse. Anthu amene anathera moyo wawo m'mafakitale ndi m'maofesi a ku New York ndi New Jersey ankapuma ali ndi penshoni, ndipo lamulo la Medicare la 1965 linawachotsera nkhawa yaikulu ya mabilu a kuchipatala. Anakhamukira kummwera. Ku West Palm Beach, H. Irwin Levy anamanga Century Village, mudzi wa okalamba wa mafulati oposa 7,000, ndipo m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Miami Beach mpaka ku Fort Lauderdale, kunamera midadada italiitali ya amene anali ndi thumba lolemererapo.

Omanga ankagulitsa moyo wopanda nkhawa: sutchetchanso kapinga, sukweranso padenga, sulimbananso ndi chisanu cha kumpoto. Kuti moyo woterewu ugulike, ndalama ya pamwezi inayenera kuoneka yochepa. Bajeti yoyamba ankalemba ndi womanga yemweyo, amenenso ankalamulira komiti kufikira atagulitsa mafulati ochuluka, ndipo analibe chifukwa choikiramo mtengo wa denga limene lidzafunike iye atachoka kale. Ena anachenjera koposa pamenepo: anasunga dziwe ndi holo yachisangalalo m'dzina lawo n'kumazibwereketsa kwa ogula pa lendi ya zaka 99 yomakwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu, mchitidwe umene unadzaza makhothi a ku Florida m'zaka za m'ma 1970. Eni nyumba atalandira utsogoleri anatengera mwambo womwewo. Lamulo linkanena kuti komiti izisunga ndalama za ntchito zikuluzikulu monga denga, penti ndi phula la pabwalo, koma linasiya mpata: eni ake akavota mwaunyinji pamsonkhano ankatha kuchepetsa kapena kulekeratu kusungako chaka chimenecho, chaka chamawa n'kuvotanso chimodzimodzi. Amene anakhalapo m'komiti ya mjigo akudziwa mmene zimakhalira: madzi akamatuluka, kupempha anthu kuti asonkhe n'kudzipalira udani, ndipo tsiku limene mjigo wafa m'bokosi mumapezeka mulibe kanthu. Koma pano panali chinanso. Wovota wa zaka za m'ma 70 amene akuuzidwa kuti awonjezere ya pamwezi kaamba ka ntchito yodzachitika zaka 25 kutsogolo si wopusa akakana. Masamu ake ndi olondola, pakuti pofika nthawiyo adzakhala atagulitsa kapena atatsikira kulichete. M'badwo uliwonse wa eni, choncho, unkadyako moyo wa nyumbayo osalipira, n'kugulitsa fulati pa mtengo wa nyumba yathanzi.

Konkire ya m'mbali mwa nyanja siyembekeza voti. Mphepo imanyamula mchere, mcherewo umalowa pang'onopang'ono m'timing'alu, ukafika pa zitsulo za m'kati zimachita dzimbiri, ndipo chitsulo chadzimbiri chimafufuma n'kuphwanya konkire kuchokera m'kati. Zaka zoyamba palibe chooneka. Kenako makonde amayamba kugamphuka, denga la galaja kudontha, ndipo chimene chikanakonzeka ndi ndalama zochepa chimafuna kugumula n'kuumbanso. Akuluakulu a m'derali ankazidziwa izi. Pa 5 Ogasiti 1974 nyumba ya maofesi a bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo mumzinda wa Miami inagwa n'kupha anthu 7, ndipo dera la Dade linalamula kuti nyumba ikakwana zaka 40 iziunikidwa ndi injiniya, kenako zaka 10 zilizonse. Dera loyandikana nalo la Broward linadzatsatira patapita zaka pafupifupi 30, madera ena ambiri osatsatira n'komwe. Mu 2008 aphungu anayesako, ndi lamulo loti kondo yoposa nsanjika zitatu iziunikidwa zaka zisanu zilizonse. Mu 2010, mitengo ya nyumba itagwa ndipo anthu ambiri akulandidwa mafulati ndi mabanki, analichotsa ponena kuti likulemetsa anthu. Chotsala chinali chaka cha 40 chija, ndipo makomiti anazolowera kuchiona ngati cha kutali.

Pamene konkire inkadyeka mwakachetechete, china chinkakalamba mofulumira koposa, ndicho ulemerero wa nyumbazi. Mu 1975 kapena 1981, mwanaalirenji anali khonde loyang'ana kunyanja, mlonda wa yunifolomu pachipata, polandirira alendo pa miyala ya mabo ndi magalasi, dziwe limodzi la onse, ndi chipinda chosewerera makhadi. Siling'i inali yosakwana mamita awiri ndi theka, khitchini inali kachipinda kotsekeka chakumbuyo, mazenera anali apakatikati, ndipo m'midadada yambiri makina ochapira anali a onse. Zimenezi zinali zokwanira kukopa dokotala wa ku Brooklyn kapena wamalonda wa ku Caracas. Lero wogula wachuma akalowa m'fulati yotere amabanika. Amafuna siling'i ya mamita atatu kapena kuposa, galasi lochoka pansi mpaka kudenga, khitchini yotseguka yolumikizana ndi pabalaza, chikepe chotsegukira m'nyumba mwake mwenimweni, ndi anansi ochepa. Nsanja ya Porsche Design Tower ku Sunny Isles Beach, imene inatsegulidwa mu 2017, ili ndi nsanjika 60 koma mafulati 132 okha, ndipo galimoto imakwera chikepe pamodzi ndi mwini wake n'kukagona pakhomo pake m'mwambamo. One Thousand Museum, yojambulidwa ndi Zaha Hadid n'kumalizidwa mu 2019, ili ndi potera helikopita padenga. Dzina nalo lasanduka katundu wogulitsa: nsanja zikutchedwa Armani, Fendi, Aston Martin, ngati kuti munthu akugula wotchi. Palinso kusiyana kwina kosakhala kwa fasho chabe. Namondwe wa Andrew atasakaza kummwera kwa Miami mu Ogasiti 1992, malamulo omangira anakhwimitsidwa, makamaka pa mazenera ndi zitseko zopirira mkuntho, moti nyumba yomangidwa chakacho chisanafike inasanduka yachikale ngakhale pamaso pa a inshuwalansi. Ndipo zambiri mwa izi ndalama sizikonza. Khitchini ungaigumule, matailosi ungasinthe, koma siling'i sungaikweze, mizati sungaisunthe, ndipo chikepe cha iwe wekha sungachiboolere pakati pa mafulati a anthu ena.

Apa ndi pamene mbiri ziwirizi zikumanirana. Ulemerero umatha m'zaka 15 kapena 20, pamene konkire imayamba kufuna ndalama zenizeni pa zaka 30 kapena 40, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi nyumba imasintha anthu. Amene akanatha kulemba cheke chachikulu osasowa nacho tulo amakhala atapita kunsanja yatsopano. Olowa m'malo mwawo ndi mphunzitsi wopuma pantchito, banja la ku Argentina lobisa chuma chake kutali ndi kugwa kwa ndalama ya kwawo, mwana wolandira fulati yamasiye, ndi wogula kuti aikemo wa lendi, amene kumsonkhano safikako. Onsewa anakopeka ndi zinthu ziwiri, mtengo wotsika poyerekeza ndi nsanja zapafupi ndi ndalama ya pamwezi yooneka yopiririka, osadziwa kuti zonse ziwiri n'zotsika chifukwa cha ngongole yosalembedwa ija. Ndiye taganizirani komiti yake: anthu ongodzipereka, osalipidwa, osaphunzira za zomangamanga, amene ayenera kuuza mnansi wokumana naye m'chikepe m'mawa uliwonse kuti asonkhe ndalama yoposa penshoni yake ya zaka zingapo. Akalimbikira amagwa pa chisankho chotsatira. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, koma mitu 136 yosiyana zaka, matumba ndi zolinga imatha kukangana pansi pa dengalo mpaka litaigwera.

Nambala ya 136 sindinaitole m'mutu. Ndiwo mafulati amene anali mu Champlain Towers South, nyumba ya nsanjika 12 m'tauni ya Surfside, kumpoto kwa Miami Beach, imene inamalizidwa mu 1981 n'kugulitsidwa ngati malo apamwamba a m'mphepete mwa nyanja. Mu Okutobala 2018, pokonzekera kuunika kwa zaka 40, injiniya Frank Morabito analembera komiti kuti silabu ya pansi pa bwalo la dziwe yawonongeka kwambiri, chifukwa chotchinga madzi chinayalidwa pamalo athyathyathya moti madzi ankangodikha m'malo motsetsereka, ndiponso kuti mizati ndi makoma a galaja ya pansi ali ndi ming'alu. Mtengo wokonza unayerekezedwa pa madola oposa 9 miliyoni. Kunabuka mikangano, ndipo mu 2019 mamembala asanu mwa asanu ndi awiri a komiti anatula pansi udindo. Kafukufuku wa mu 2020 anapeza kuti m'thumba losungira munali madola pafupifupi 700,000 pamene munayenera kukhala oposa 10 miliyoni. Pofika Epulo 2021 bilu inali itakwera, ndipo eni ake anauzidwa kuti asonkhe madola 15 miliyoni: pafupifupi 80,000 kwa wa fulati ya chipinda chimodzi, mpaka 336,000 kwa wa pamwamba penipeni. M'zaka zomwezi, kuseri kwa mpanda chakummwera kunkakwera Eighty Seven Park, nsanja ya magalasi yojambulidwa ndi Renzo Piano, mwanaalirenji watsopano ataimirira pamphuno pa wakale. Pakati pa usiku wolowera pa 24 Juni 2021, nthawi itangopitirira 1 koloko, gawo lalikulu la Champlain linagwa. Anthu 98 anamwalira, ambiri ali m'tulo. Ntchito ya padenga inali itayamba, koma ya pansi pa bwalo la dziwe inali isanakhudzidwe.

Wina anganene kuti kuika Champlain patsogolo ngati umboni n'kupanda chilungamo, ndipo ali ndi mfundo. Akatswiri a bungwe la boma la NIST, amene anapatsidwa ntchito yofufuza ngoziyi, anapeza kuti bwalo la dziwe linali lofooka chijambulireni: mapulani ake sanakwane pa muyezo wa nthawiyo, zitsulo zina sizinaikidwe monga mapulani ananenera, ndipo patapita zaka anthu anasanjikapo mabokosi akuluakulu a maluwa ndi miyala yoyala pansi. Ndiye kuti si nyumba iliyonse yakale imene ili panjira yomweyo, ndipo amene amaopseza okalamba ngati kuti kondo iliyonse ya m'ma 1980 igwa mawa akuchita malonda chabe. Komabe mfundoyi ikungoikulitsa ngongole ija. Cholakwa cha womanga chimagwera yemweyo amene dzimbiri limagwera, ndiye mwini wa lero, pakuti nthawi zambiri kampani yomanga imakhala itatsekedwa kale ndipo nthawi yoisumira itadutsa. Nyumba imene ili ndi thumba lodzaza ndi chizolowezi choitana injiniya ili ndi mwayi wopeza chilema chobadwa nacho n'kuchikonza. Imene ilibe imamva za chilemacho mochedwa, n'kutha zaka ikukangana za mtengo. Taonaninso kuti zolemera zimene zinawonjezedwa zija zinali zokongoletsa. Makomiti ambiri amavomera msanga kuyala miyala yatsopano pabwalo kapena kukonzanso polandirira alendo kusiyana ndi kukumba pansi pake, chifukwa zokongoletsa zimathandiza kuthamangira mwanaalirenji amene akuthawa, pamene ndalama yokwiriridwa m'mizati palibe wogula amaiona.

Chaka chisanathe chichitikireni ngoziyi, mu Meyi 2022, bwanamkubwa Ron DeSantis anasainira lamulo lotchedwa SB 4-D. Linati kondo iliyonse ya nsanjika zitatu kapena kuposa iziunikidwa ikakwana zaka 30, kapena 25 ngati ili pafupi ndi nyanja. Komiti izilemba akatswiri owerengera zaka zotsala za denga, mizati, mipope, magetsi ndi zotchinga madzi. Ndipo, chachikulu, mpata wovotera kusasunga ndalama za zinthu zimenezi unatsekedwa. Florida ili ndi mafulati a kondo pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo oposa theka ali m'nyumba zopitirira zaka 30. Pa nthawi yomweyo Fannie Mae ndi Freddie Mac, mabungwe amene amagula ngongole za nyumba kumabanki, analeka kulandira ngongole za m'midadada imene ili ndi ntchito yaikulu yosakonzedwa. Izi zikutanthauza kuti fulati ya mmenemo amagula kwambiri ndi wa kashi m'manja, ndipo wa kashi amanenerera mpaka mtengo utagwa. Inshuwalansi nayo inakwera kwadzaoneni, makampani angapo atagwa m'chigawochi ndipo namondwe wa Ian atasakaza gombe la kumadzulo mu Seputembala 2022. Zitatuzi zinagogoda pakhomo limodzi nthawi imodzi.

Otsutsa lamuloli amati boma likuthamangitsa okalamba m'nyumba zawo pofuna kuoneka logwira ntchito, ndiponso kuti chimene chakweza ya pamwezi kwenikweni ndi inshuwalansi, imene komiti ilibe nayo mphamvu. Mbali ina ndikuvomereza. Kulamula kuti zimene zinasiyidwa zaka 40 ziyambe kulongosoka m'zaka ziwiri ndi theka, nyumba zikwizikwi zikulimbirana mainjiniya ndi makontilakitala omwewo, kunayenera kukweza mitengo. Aphungu eni ake anazindikira, ndipo mu 2025 anawonjezera nthawi n'kulola makomiti kubwereka ndalama m'malo mosonkhetsa zonse pakamodzi. N'zoonanso kuti mayi wamasiye amene anagula fulati mu 2015 akulipira zimene anadya a mu 1985 ndi a mu 1995, amene anagulitsa n'kupita ndi phindu lawo. Koma kumumvera chisoni wolipirayo sikuchepetsa bilu. Dzimbiri m'zitsulo silinaikidwe ndi lamulo. Lamulolo litachotsedwa lero, denga lomwelo lingafunebe kusinthidwa, ndipo mabanki ndi a inshuwalansi, amene tsopano aphunzira kuitanitsa lipoti la injiniya, sangaiwale. Inshuwalansinso si nkhani yapayokha monga ikuonekera, pakuti mtengo wake umatsata zaka za denga, mtundu wa mazenera ndi ukalamba wa mipope, moti nyumba yosakonzedwa imalipira kawiri. Ngati boma lili ndi mlandu, ndi wosiya mpata uja wotseguka zaka zonsezo, ndi wolola kuti munthu agule fulati asanauzidwe momveka kuti kumbuyo kwa mtengo wake kuli ngongole yosaoneka.

Palinso amene amati ukalamba pawokha sutsitsa nyumba, n'kuloza ku New York, kumene midadada ya m'ma 1920 ndi 1930 monga 740 Park Avenue yojambulidwa ndi Rosario Candela ikadali m'gulu la malo olemekezeka kwambiri. Chitsanzochi chikutsimikiza zomwezi kuchokera mbali inayo. Nyumba zimenezi zambiri si makondo. Ndi makampani a masheya aja, mmene komiti imasanthula thumba la wofuna kugula n'kumukana ikakayika ngati adzatha kusonkha. Zinamangidwa ndi siling'i zazitali ndi zipinda zazikulu, zinthu zimene fasho sinazitaye. Ndipo mzindawo unazikakamiza kukonza msanga: mwala utagamphuka pakhoma n'kupha mtsikana wa pakoleji mu 1979, lamulo la 1980 linati makoma akunja a nyumba zoposa nsanjika 6 aziunikidwa zaka zisanu zilizonse. Eni ake amalira nayo ya pamwezi, ndipo ndi yaikuludi, koma akhala akuilipira pang'onopang'ono zaka zonsezi. Ngakhale zili choncho, ndalama zazikulu zenizeni zasamukira ku makondo atsopano, monga 220 Central Park South kumene Ken Griffin analipira madola 238 miliyoni mu 2019. Atsopanowonso asadzinamize. Nsanja ya 432 Park Avenue, yowonda ndi yotalika mamita oposa 420, inamalizidwa mu 2015. Pofika 2021 komiti ya eni ake inali itasumira omanga, kufuna madola 125 miliyoni kaamba ka zolakwika pafupifupi 1,500 zimene inati yapeza, kuphatikizapo madzi osefukira ndi zikepe zovuta, ngakhale omangawo anakana zambiri mwa izo. Chikepe cha galimoto, dziwe la pakhonde, khoma la galasi lokhalokha, zonsezi ndi makina ndi zomatira zokhala ndi zaka zake, ndipo tsiku lozisintha likadzafika mtengo wake udzagawidwa pa mitu yochepa. Mwanaalirenji wa lero ndi wokwera mtengo kumusamalira kuposa wa 1981.

Kumene nkhani yotere imakathera ngati palibe wolowererapo, anzathu amene akhala ku Johannesburg akudziwa bwino kuposa a ku Miami. Dziko la South Africa linapanga lamulo lake logawa umwini wa mafulati mu 1971, pa nthawi imene Hillbrow ndi Berea anali madera a azungu achinyamata ndi obwera kuchokera ku Ulaya, ndipo nsanja ya Ponte ya nsanjika 54 inamalizidwa mu 1975 ngati chizindikiro cha ulemerero umenewo. Tsankho ndi kutha kwake zili ndi gawo lalikulu m'mbiri ya maderawa, koma njira imene midadada inagwera ndi yodziwika. Achuma atasamukira kumpoto, ku Sandton ndi kwina, mabanki analeka kubwereketsa kumeneko. Eni ena anangosiya mafulati m'manja mwa a lendi n'kuleka kupereka ya pamwezi, makomiti anafa, ngongole za madzi ndi magetsi ku khonsolo zinaunjikana, zikepe zinaima, ndipo midadada ina inalandidwa ndi zigawenga zotolera lendi. Nako lamulo lokakamiza thumba losungira ndi pulani ya zaka 10 yokonzera nyumba linayamba kugwira ntchito mu 2016, nyumba zambiri zitatha kale.

Gombe la Miami silidzafika pamenepo, ndipo chifukwa chake ndi dothi. Malo a m'mphepete mwa nyanja satha fasho. Imatha ndi nyumba yoimapo. Kale kuti kondo ithetsedwe n'kugulitsidwa yonse nthawi zambiri pankafunika kuti eni onse avomere, koma mu 2007 Florida inatsitsa chiwerengerocho kufika pa eni 80 pa 100 alionse, ndipo makampani omanga anayamba kugula fulati imodziimodzi m'midadada yotopa mpaka atakwanitsa mavoti. Kwa mwini amene wagwira kalata ya chopereka chapadera m'manja, wogula wotereyu amaoneka ngati mpulumutsi. Kwa amene alibe kwina kolowera ndi ndalama imeneyo, chikalata cha umwini chija, chimene chinali lonjezo lonse la 1963, chimapezeka kuti chitha kugonja pa voti ya anansi. Ku Biscayne 21, mdadada wa m'ma 1960 m'dera la Edgewater, eni ochepa anakana kugulitsa, ndipo mu 2024 khothi la apilo linawaikira kumbuyo ponena kuti pangano lakale lofuna chilolezo cha onse silikanasinthidwa mwachidule chotero. Koma pofika nthawiyo m'nyumbamo munali mutachoka kale anthu. Ku Surfside, mabanja a omwalira ndi opulumuka anagwirizana za chipepeso cha madola pafupifupi 1 biliyoni, ndipo malo amene panali Champlain anagulidwa ndi kampani ya DAMAC ya ku Dubai pa madola 120 miliyoni. Pulani imene kampaniyo inalengeza ndi ya nsanjika 12 monga poyamba, koma mafulati 37 okha, yotsikitsitsa kuyambira madola 15 miliyoni, ndalama yofanana ndi imene mabanja 136 ankakanganirana kuti akonzere nyumba yonse.